Mbiri ya Carl Seyfert, Woyang'ana Nyenyezi

Muudziwa Mlalang'amba, uja uoneka usiku ngati njira ya phulusa. Ndiwo khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo kutali kuli makamu ena otere ambirimbiri.

Carl Seyfert anabadwa m'caka ca 1911 ku Cleveland, m'dziko la America, mwana wa wogulitsa mankhwala. Ataphunzira ku Harvard, anagwira ncito pa phiri la Mount Wilson, napenya kumwamba ndi mandala akuru. M'caka ca 1943 analemba za makamu 6 amene pakati pao pawala kopambana, ndi mpweya wa pomwepo uthamanga koopsa. Koma anzace, taonani, sanasamalira mauwo kwenikweni. Pambuyo pace anaphunzitsa ku Nashville, napempha thandizo kwa anthu a m'mudzimo kufikira anamanga nyumba yoyang'aniramo nyenyezi, Dyer Observatory, m'caka ca 1953. Anafa pa ngozi ya galimoto m'caka ca 1960, cinsinsico cisanadziwike.

Tsopano anzeru adziwa kuti pakatipo pali cinthu colemera koposa, cimene ngakhale kuunika sikuthawamo. Mpweya pakugweramo utentha nuwala. Mphamvu yaceyo ipitikitsa mpweya wina kunja, ndipo nyenyezi zatsopano zisowa cobadwira. Makamu owala cotere analandira dzina la Seyfert.