Jacob Bjerknes, katswiri amene anapeza gwero la chilala m'nyanja

Jacob Bjerknes anabadwira ku Stockholm mu 1897. Bambo ake, a Vilhelm Bjerknes a ku Norway, anali katswiri wa zanyengo. Ali mnyamata anagwira nawo ntchito ku Bergen, kufufuza mmene mphepo yozizira ndi yofunda zimakumanirana n'kugwetsa mvula. Mu 1940, nkhondo itafika ku Norway, anakhazikika ku America n'kumaphunzitsa ku Los Angeles.

Atakula, maso ake anatembenukira kunyanja ya Pacific. Anasanthula miyeso ya kutentha kwa madzi ake ya mu 1957 ndi 1958. Mu 1969 anasonyeza kuti madzi a kum'mawa kwa nyanjayo akafunda, mphepo imafooka ndipo mvula imasokonekera mpaka m'maiko akutali. Ameneyu ndiye El Niño, yemwe anaumitsa chimanga kuno ku Tete mu 2016 ndi 2024.

Bjerknes anamwalira mu 1975. Pofika 1994, zipangizo zoyandama pafupifupi 70 zinali zitaikidwa pakati pa Pacific, zoyeza madzi ndi mphepo usana ndi usiku. Chenjezo la chilala limene mumamva pa wailesi musanabzale limadalira miyeso yotereyi. Ikadzaleka kutengedwa, mlimi adzabzala mbewu yake mongoyerekeza.