John Chilembwe: m'busa wa ku Mbombwe ndi banja limene anasiya

Amalonda athu amene amadutsa pa Mwami kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe amaidziwa bwino nkhope yake, pakuti ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000 ya ku Malawi. Caka ciliconse pa 15 January anzathu a kumeneko sapita ku nchito, amakumbukila munthu ameneyu. Mu 2022 cifanizo cake cinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London ndipo cinakhalapo zaka ziwili. Koma mukafunsa kuti John Chilembwe anali ndani, ambili adzakuyankhani kuti ndi uja anaukila azungu mu 1915. N'zoona. Cabe kuti kuukilako kunatenga masiku 12, pamene ubusa wake wa kumudzi unatenga zaka pafupi-fupi 15. Anali m'busa wa mpingo wa Baptist, anali ndi amai ake, mkazi ndi ana atatu, ndipo anthu amenewa ndiwo sakumbukilidwa kaŵili-kaŵili.

Anabadwa ca m'ma 1871 m'dela la Chiradzulu, kum'mwela kwa dziko limene pambuyo pake linachedwa Nyasaland. Olemba mbili yake amakamba kuti atate ake, a Kaundama, anali Myao, ndipo amai ake, a Nyangu, anali Mmang'anja amene anagwidwa ukapolo pa nkhondo za masiku amenewo. Kwa Acewa a kuno dzina lakuti Nyangu si lacilendo, cifukwa ndilo dzina la udindo la amai a Kalonga Gawa Undi. Tangoganizani dzina lolemekezeka conco lili pa mzimai wogwidwa. Ayao ndi Amang'anja onse amatsata mtundu wa kucikazi, kumene mwana amadalila amalume ake pa milandu, pa ukwati ndi pa malo olima. Mwana wa mzimai wogwidwa analibe malume woti n'kumuimilila. Mnyamatayu, amene paubwana ankachedwa Nkologo, anakula akudziwa kuti pa dziko pano afunika kudzipezela yekha poima.

Mwai unabwela mu 1892. Caka cimeneco ku Blantyre kunafika mzungu wina wa ku England, Joseph Booth, amene anali atangotaya mkazi wake ku Australia. Anabwela ndi kamwana kake kakakazi, Emily. Chilembwe analowa nchito ya m'nyumba kwa iye, kuphika ndi kumasulila cinenelo, ndipo pamene Emily anadwala malungo atate ake ali pa ulendo, Chilembwe ndiye anam'samalila. Booth anam'batiza mu July 1893. Mzunguyu sanali kumvana ndi amishonale anzake ngakhale ndi boma, cifukwa anali kulipila anchito ake ndalama zoculukilapo ndi kulalikila poyela kuti dziko la Africa n'la eni ake. Anayambitsa mamishoni angapo, ndipo imodzi mwa iyo, Nyasa Industrial Mission, ndiyo inatulutsa amishonale amene anatsegula mishoni ya Kafulafuta pakati pa Alamba mu 1905. Conco Abaptist oyambilila a mu Zambia ndi mpingo wa Chilembwe ali pa cibale ndithu.

Mu 1897 awiliwa anapita ku America. Kumeneko anapatukana, ndipo Chilembwe anatengedwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, umene unam'lipilila sukulu pa Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso ake ana a akapolo ali ndi machalichi ao, masukulu ao ndi manyuzipepala ao, komanso anaona tsankho limene anali kukumana nalo tsiku ndi tsiku. Anabwelela kwao mu 1900 atadzozedwa ubusa.

Sanasankhe kukhala mu tauni. Anagula malo a maekala 93 pa Mbombwe, kwao ku Chiradzulu, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission, imene anthu amangoti PIM. Nchito yake inali yofanana ndi ya m'busa aliyense wa kumudzi: kulalikila, kubatiza mu mtsinje, kuumba njelwa, kufuna-funa ndalama ya malipilo a aphunzitsi. Analimbikitsa anthu kulima thonje ndi khofi, kusiya mowa, kuvala mwaukhondo ndi kutumiza ana ku sukulu. Ena lelo angaseke zithunzi zake za masuti ndi makolala, koma pa nthawi imene munthu wakuda anali kukakamizidwa kuvula cipewa akakumana ndi mzungu pa njila, kuvala bwino kunali kukana kunyozeka. Pofika mu 1912 masukulu a PIM anali ndi ana pafupi-fupi 1,000 ndi acikulile 800. Mu 1913 anatsiliza chalichi cacikulu ca njelwa, comangidwa ndi manja a akhristu ake.

Mishoni imeneyi inali ngati mudzi wa banja limodzi. Mkazi wake, Ida, anali kuphunzitsa azimai ndi atsikana kusoka ndi kusamalila nyumba, ndipo mwamuna wake anali kukhulupilila kuti mtundu sungapite patsogolo ngati azimai atsalila m'mbuyo. Anabeleka ana atatu, John amene anthu anam'zolowela ndi dzina lakuti Charlie, Donald ndi Emma. Kucokela ku America kunabwela athandizi awili akuda, m'busa Landon Cheek mu 1901 ndi mai Emma DeLaney caka cotsatila. Cheek anakwatila Rachel, wacibale wa Chilembwe, motelo mlendo anasanduka mkamwini. Mai DeLaney anatenga kamnyamata kena ka pa sukulupo, Daniel Malekebu, n'kukalela ngati mwana wao. Pofika mu 1906 alendo awiliwa anali atabwelela kwao, ndipo katundu yense anatsala pa mutu wa m'busa mmodzi.

Pafupi ndi Mbombwe panali minda yaikulu ya A. L. Bruce Estates ku Magomero. Mwini wake anali mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anila anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala pa mindayi, ambili a iwo Alomwe ocokela ku Mozambique, anali kulipila malo ndi thangata, kutanthauza kugwila nchito m'munda mwa mzungu kwa miyezi popanda malipilo eni-eni, nthawi zambili m'dzinja pamene minda yao inali kufuna khasu. Ambili anali akhristu a PIM. Bruce sanafune sukulu kapena chalichi pa malo ake, ndipo tinyumba topemphelelamo ta udzu timene akhristuwo anamanga tinatenthedwa. Pa zimenezi panaonjezekela njala ya mu 1912 ndi 1913 ndi kukwela kwa msonkho wa nyumba. M'nyumba mwa m'busa namonso munalibe mtendele. Thandizo la ku America linacepa, nkhongole zinam'panikiza, cifuwa ca mphumu cinam'vutitsa, maso anayamba kufooka, ndipo mwana wake Emma anamwalila.

Nkhondo ya azungu itayamba mu 1914, asilikali akuda anafa pomenyana ndi Ajelemani ku Karonga mu September. Mu November Chilembwe analembela kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi amene alibe gawo m'boma akutumizidwa kukafela mkangano wa ena, kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma inaletsa kalatayo ndipo inayamba kukonza zom'cotsa m'dzikomo.

Pa Ciwelu usiku, pa 23 January 1915, anthu ake anapita ku Magomero. Anapha Livingstone ndi azungu ena awili, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azunguwo sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Blantyre kukalanda mfuti ku sitolo ya Mandala, koma linabwelako ndi zowelengeka cabe. M'mawa mwake, pa Sondo, m'busayo analalikila mu chalichi cake mutu wa Livingstone uli poonekela. Mbali imeneyi ndi yowawa kuikamba, ndipo palibe cifukwa coibisa kapena kuikometsela. Madandaulo ake anali oona, koma mkazi wa Livingstone anaona mwamuna wake akuphedwa m'nyumba mwao, ana ali pomwepo. Mafumu ambili sanam'tsatile, ndipo m'masiku ocepa asilikali a boma anafika pa Mbombwe. Pa 3 February apolisi anam'peza kufupi ndi malile a Mozambique, ca ku Mulanje, n'kumuombela. Wacibale wake wacinyamata, Morris Chilembwe, anaphedwanso pothawapo. Mtembo wa m'busayo unaikidwa mwakabisila, popanda cizindikilo.

Cilango cinali cacikulu. Anthu pafupi-fupi 40 anaphedwa ataweluzidwa mofulumila, pakati pao John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo ena pafupi-fupi 300 anaponyedwa m'ndende. Chalichi ca njelwa cija anaciphulitsa ndi mabomba patangopita zaka ziwili cimalizidwe. Ida anatsala wamasiye wopanda nyumba, wokhala ndi dzina limene anthu anali kuopa kulichula. Anamwalila pa mlili wa fuluwenza wa mu 1918. Charlie ndi Donald, ana a munthu amene anaphunzitsa ana 1,000, anakula alibe tate, alibe mai, ndipo sukulu ya atate ao inali bwinja. Charlie anakhala moyo wa munthu wamba mu Blantyre mpaka kuona ufulu wa Malawi mu 1964.

Amene analowa m'malo mwa m'busayo ndi mwana uja wolela wa mai DeLaney. Daniel Malekebu anawatsatila ku America, anaphunzila udokotala pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, ndipo boma itamulola, anatsegulanso PIM mu 1926 pamodzi ndi mkazi wake Flora. Anamanga chalichi cina cacikulu pa Mbombwe pomwepo, pafupi ndi mabwinja a cakale, ndipo anatsogolela mpingowo kwa zaka zoposa 40.