John Newton, Kapitao wa Ngalawa ya Akapolo

John Newton anabadwira mu mzinda wa London m'caka ca 1725. Atate wace anali kapitao wa ngalawa zamalonda, ndipo amace anali mkazi woopa Mulungu, amene anamphunzitsa Malembo akali wamng'ono. Koma amaiwo anamwalira ndi cifuwa cacikulu m'caka ca 1732, mwanayo asanakwane zaka 7. Pofika zaka 11 anayamba kuyenda panyanja pamodzi ndi atate wace, ndipo pakati pa amalinyero anataya pang'onopang'ono zonse zimene amace anamphunzitsa. Anakula ali munthu wamwano, wotukwana dzina la Mulungu, wokondwera kucotsa anzace pa cikhulupiriro cao.

M'caka ca 1744 anamgwira mokakamiza kuti akatumikire m'ngalawa ya nkhondo ya mfumu. Atayesa kuthawa anamgwiranso, namkwapula pamaso pa amalinyero onse, namlanda udindo wace. Pambuyo pace anamsinthira ku ngalawa yopita kumadzulo kwa Africa kukagula akapolo, ndipo iye anatsala kufupi ndi Sierra Leone, nalowa nchito kwa Mzungu wina wogulitsa anthu pa cisumbu ca Plantain. Kumeneko anagwa m'dzenje lomwelo limene anali kukumbira ena. Anadwala malungo mbuye wace ali pa ulendo, ndipo mkazi wa mbuyeyo anammana cakudya, namseka pa kufooka kwace. Njala itakula, ankatuluka usiku kukazula mizu m'munda, naidya yaiwisi. Amene anamcitira cifundo anali akapolo omangidwa maunyolo, omwe anamgawira mobisa cakudya cao cocepaco. Akuluakulu sananame ponena kuti coipa citsata mwini.

M'caka ca 1747 anatengedwa ndi ngalawa yochedwa Greyhound, imene kapitao wace anali atapemphedwa kumfunafuna. Ali pa ulendo wobwerera ku England, m'mwezi wa March 1748, namondwe wamkulu anawagwera usiku, madzi nayamba kudzaza m'ngalawa. Newton atadzuka kuti akwere pamwamba, kapitao anambweza kuti akatenge mpeni, ndipo munthu amene anakwera m'malo mwace anakokoledwa ndi funde, osaonekanso. Newton anapopa madzi maora ambiri atadzimangirira ndi cingwe, ndipo m'mantha amenewo anapempha cifundo ca Mulungu amene anali kumnyoza kwa zaka zambiri. Patapita masabata anai anafika ku Lough Swilly m'dziko la Ireland, cakudya citatsala pang'ono kutha. Tsiku la namondwelo analikumbukira caka ndi caka mpaka ukalamba wace.

Koma namondweyo sanamsandutse munthu wangwiro tsiku limodzi. Newton analeka kutukwana, nayamba kupemphera, koma malonda a anthu sanawaleke. Anakwatira Mary Catlett m'caka ca 1750, ndipo kuyambira caka comweco mpaka 1754 anayenda maulendo atatu ali kapitao wa ngalawa za akapolo. Tsiku la Mulungu ankasonkhanitsa amalinyero kuti apemphere pamwamba pa ngalawa, pansi pace amuna ndi akazi ndi ana ali othithikana mumdima, ena akufa ndi matenda. Akapolo amene anayesa kudzimasula anawalanga mwankhanza. Popeza malamulo a dziko lace analola malondawo, mtima wace sunamtsutse. M'caka ca 1754, ali pafupi kunyamukanso, anagwa mwadzidzidzi nakomoka, ndipo sing'anga anamletsa ulendowo. Sanabwererenso kunyanja, ndipo pambuyo pace anaona kuti nthendayo inali dzanja la Mulungu lomcotsa pa nchito yoipayo.

Anapeza nchito ya boma pa doko la Liverpool, ndipo nthawi yopuma ankadziphunzitsa Cihelene ndi Cihebri. M'caka ca 1764 anadzozedwa ubusa mu mpingo wa England, natumidwa ku mudzi wa Olney. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi William Cowper, wolemba ndakatulo, ndipo awiriwo analemba nyimbo za mpingo zimene zinasindikizidwa m'caka ca 1779. Imodzi mwa izo ndi Amazing Grace. M'caka ca 1773 Cowper anadwala nthenda ya maganizo, nakhulupirira kuti Mulungu wamtaya kotheratu. Newton sanacite monga abwenzi a Yobu, kufunafuna chimo lobisika mwa wodwalayo. Anamlandira m'nyumba mwace namsamalira kopitirira caka cathunthu.

Atasamukira ku London, m'caka ca 1785 anafikiridwa ndi William Wilberforce, mnyamata wa m'Nyumba ya Malamulo, amene anali kuganiza zosiya ndale atatembenuka mtima. Newton anamlangiza kukhala komweko ndi kutumikira Mulungu pa mpando wace. M'caka ca 1788, zaka 34 atasiya nyanja, Newton analemba kabuku koulula nkhanza za malonda a akapolo, nabvomereza mwamanyazi mbali yace, ndipo anacitiranso umboni pamaso pa akuluakulu a boma. Mkazi wace anamwalira m'caka ca 1790 atadwala nthawi yaitali, ndipo mu ukalamba maso ace anacita khungu. Lamulo loletsa malonda a akapolo m'ngalawa za Britain linakhazikitsidwa m'mwezi wa March 1807, ndipo Newton anamwalira pa 21 December caka comweco, ali ndi zaka 82.

M'moyo uwu muli masautso a mitundu itatu, ndipo mphunzitsi wofotokozera ana nkhaniyi ayenera kuisiyanitsa bwino. Cikoti ndi njala ya pa Plantain zinali zipatso za kusamvera kwa Newton mwini. Namondwe ndi nthenda zinali mwambo wa Atate wolanga mwana kuti ambweze, umene Ahebri 12 aufotokoza. Unawawa, koma unabala cilungamo, ngakhale mocedwa. Koma akapolo aja sanasautsidwe cifukwa ca macimo ao. Anasenza zotsatira za ucimo wa munthu wina. Mulungu anamkhululukira Newton, koma anthu mazanamazana amene iye anawaolotsa nyanja sanabwerere kwao, ndipo kulapa kwace sikunaukitse ndi mmodzi yemwe mwa amene anafera m'njira. Cikhululukiro cicotsa mlandu pamaso pa Mulungu, koma sicifafaniza zipsera zimene chimo lasiya pa anthu ena.

Cifukwa cace mwana aphunzitsidwe kuopa chimo lisanacitike, popeza amene adzalilirira sali iye yekha. Ndipo mwana wamasiye, kapena wodwaladwala, kapena wofika kusukulu ndi njala, asauzidwe kuti Mulungu akumlanga. Pa Yohane 9 Ambuye anakana maganizo otere pa munthu wobadwa wosaona. Mphunzitsi acite monga Newton anacitira Cowper: asiye kufunsa amene anacimwa, amsamalire wobvutikayo.