Samuel Coleridge-Taylor: nyimbo inalemeretsa ena, mwiniwake n'kufa wosauka

Usiku wa pa 11 Novembala 1898, holo ya Royal College of Music mumzinda wa London inadzaza mpaka ena kubwerera pakhomo. Anthuwo anadzamvera nyimbo yatsopano ya kwaya yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast, yopekedwa ndi mnyamata wa zaka 23, Samuel Coleridge-Taylor.

Iye anabadwa pa 15 Ogasiti 1875 ku Holborn, mu London momwemo. Bambo ake, Daniel Taylor, anali dokotala wochokera ku Sierra Leone, amene anabwerera ku Africa mwanayo asanabadwe. Mayi ake, Alice Martin, Mngelezi, anamulerera ku Croydon. Anayamba ndi vayolini, ndipo mu 1890 analowa Royal College of Music, kumene Charles Villiers Stanford anamuphunzitsa kupeka nyimbo.

Mawu a nyimbo yake yotchukayo anawatenga m'ndakatulo ya Henry Wadsworth Longfellow ya mu 1855, yosimba za eni nthaka a ku America. Nkhani yake ndi phwando la ukwati wa Hiawatha ndi Minnehaha. Kwaya ndiyo imasimba zonse: alendo, zakudya, magule ndi nthano za wodzitama wina. Mayimbidwe ake ndi ansangala, ogunda ngati mapazi a ovina, ndipo timaimbidwe tochepa timabwerezedwa mosinthasintha kotero kuti womvera amatuluka akuting'ung'uza. Chapakati phokoso limazilala, munthu mmodzi wa mawu a tenala n'kuyimba nyimbo yachikondi yodekha, yokoka mtima.

Zigawo ziwiri zinatsatira. The Death of Minnehaha ya mu 1899 ndi yachisoni: njala ndi malungo a m'nyengo yozizira zimalanda mkwatibwi uja. Hiawatha's Departure ya mu 1900 ndi yotsanzikana. Pamodzi zimayenda ulendo wa munthu, kuchoka paukwati, kudzera pamaliro, mpaka kutsanzika.

Kutchuka sikunamuiwalitse magazi ake. Mu 1900 anakhala nawo pamsonkhano woyamba wa Pan-African ku London, ndipo nyimbo zake zina anazimanga pa mayimbidwe a ku Africa ndi a anthu akuda a ku America. Oyimba akuda a ku Washington anakhazikitsa kwaya m'dzina lake. Anapita ku America katatu, mu 1904, 1906 ndi 1910, ndipo paulendo woyamba Pulezidenti Theodore Roosevelt anamulandira ku White House.

Koma walira mvula walira matope. Posowa ndalama, Coleridge-Taylor anagulitsiratu umwini wa Hiawatha's Wedding Feast ku kampani ya Novello pamtengo wa mapaundi 15 ndi mashereni 15. Mabuku a nyimboyo anagulidwa miyandamiyanda, phindu n'kupita kwa ena. Kuti adyetse mkazi wake Jessie ndi ana awo awiri, Hiawatha ndi Gwendolen, ankaphunzitsa, kutsogolera makwaya ndi kuweruza mipikisano osapuma.

Anamwalira ndi chibayo pa 1 Seputembala 1912 ali ndi zaka 37. Umphawi umene banja lake linatsala nawo unadzidzimutsa ambiri, ndipo boma linapatsa mkazi wamasiyeyo penshoni ya mapaundi 100 pachaka. Nkhaniyi inalimbikitsa oyimba a ku Britain pa nkhondo yofuna kuti wopeka azidyerera thukuta lake, ndipo mu 1914 kunabadwa bungwe la Performing Right Society.

Pakati pa 1924 ndi 1939, Hiawatha inkaonetsedwa pafupifupi chaka chilichonse ku Royal Albert Hall, oyimba mazanamazana atavala zamasewero, mwiniwake ali m'manda ku Bandon Hill.