Samuel Colt: Mmisiri yemwe mfuti zake zakale zidasanduka chuma

Katundu wogwirapo kale ntchito amatsika mtengo akamakalamba, koma si momwe zilili ndi mfuti zina zakale za m'manja zotchedwa revolver. Mu April 2018, mfuti ina yamtunduwu, yomwe idapangidwa m'chaka cha 1847, idagulidwa pa mtengo wa $1.84 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Rock Island Auction ku America. Mwini luso la mfutiyo ndi Samuel Colt, yemwe fakitale yake yoyamba idagwa kaamba kosowa ogula.

Colt adabadwa pa 19 July 1814 mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut. Mayi ake adamwalira ndi chifuwa chachikulu iye akadali wamng'ono, ndipo ali ndi zaka 16 bambo ake adamutumiza kukagwira ntchito pa sitima yapamadzi yotchedwa Corvo yomwe inkapita ku Calcutta, m'dziko la India.

Ndi paulendowu pomwe mnyamatayu adasema chifanizo cha mfuti yake pogwiritsa ntchito mtengo. Masiku amenewo mfuti zambiri zidali ngati gogodela: munthu akawombera kamodzi, ankayenera kuthiranso onga ndi chipolopolo. Ya Colt idali ndi kamgolo ka zibowo zingapo komwe kankazungulira kokha mwini mfuti akaikoka, motero ankatha kuwombera kangapo asadathirenso onga.

Vuto lidali ndalama. Pofuna kupeza mpamba, Colt adayendayenda m'matauni a ku America ndi Canada akudzitcha Dr Coult, n'kumalipiritsa anthu kuti aonerere anzawo akuseka ndi kuchita zachilendo atapuma mpweya wa nitrous oxide.

Pa 25 February 1836 boma la America lidamupatsa chiphaso chotsimikiza kuti lusolo ndi lake, ndipo fakitale idatsegulidwa ku Paterson, m'chigawo cha New Jersey. Koma asilikali sadagule zambiri, ngongole zidachuluka, mpaka fakitaleyo idatsekedwa mu 1842.

Mwayi udatulukira kunkhondo. Asilikali a Texas Rangers adali atagwiritsa ntchito mfuti za ku Paterson pomenyana ndi anthu a mtundu wa Comanche mu 1844. Nkhondo ya America ndi Mexico itabuka mu 1846, mmodzi mwa iwo, Kaputeni Samuel Walker, adakumana ndi Colt ndipo adagwirizana zopanga mfuti yaikulu yolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Boma lidaitanitsa mfuti 1,000.

Popeza adalibe fakitale, Colt adakapangitsa mfutizo kwa Eli Whitney Jr ku Whitneyville. Zonse pamodzi zidalipo 1,100, iliyonse yolemera pafupifupi makilogalamu awiri, ndipo zidatchedwa Colt Walker. Walker mwini wake adaphedwa kunkhondoko mu October 1847.

Kuchokera apo malonda adayenda. Colt adakaonetsa mfuti zake pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, ndipo mu 1855 adamaliza kumanga fakitale yaikulu kwawo ku Hartford. Mothandizana ndi katswiri wa makina, Elisha Root, adayesetsa kuti zipangizo za mfuti zizipangidwa ndi makina mofanana, kuti china chikathyoka chizingosinthidwa.

Komabe mbiri yake ili ndi banga. Pa nkhondo ya ku Crimea adagulitsa mfuti ku Britain komanso kwa adani awo a ku Russia. Kwawo nako adapitiriza kugulitsa mfuti ku zigawo zakummwera, zomwe zinkasunga akapolo, mpaka nkhondo yapachiweniweni ili pafupi kubuka mu 1861. Ankadziwikanso ndi khalidwe lopereka mfuti zokongoletsedwa ngati mphatso kwa mafumu ndi akuluakulu a boma pofuna kuti amugule.

Colt adamwalira pa 10 January 1862 ali ndi zaka 47, ndipo adasiya chuma cha pafupifupi $15 miliyoni. Mwa ana omwe adabereka ndi mkazi wake Elizabeth, mmodzi yekha, Caldwell, ndiye adakula. Fakitale itapsa ndi moto mu 1864, Elizabeth ndiye adaonetsetsa kuti yamangidwanso.

Chomwe chimakweza mtengo wa mfuti zake choyamba n'kusowa kwake. Mfuti zambiri za Walker zidaphulika kapena kutayika kunkhondo, ndipo zotsala n'zochepa. Mu 2008 ina idagulidwa pa $920,000, ndipo patangotha zaka khumi inzake ija idagulidwa pa mtengo wowirikiza kawiri.

Ogula amafufuzanso ngati manambala a pazipangizo zonse akufanana komanso ngati mtundu wa chitsulo udakali wa kufakitale. Mwini akaikwecha kuti iwale, mtengo umatsika. Makalata osonyeza yemwe adaigwirapo amaukwezanso: mu 2021, mfuti ya Colt yomwe wapolisi Pat Garrett adaphera chigawenga Billy the Kid mu 1881 idagulidwa pa ndalama zoposa $6 miliyoni.

Mtundu wa mfuti ya Garrett udatuluka mu 1873, Colt atagona m'manda zaka 11, koma dzina lomwe lidadindidwa pachitsulocho ndi lake.