Jeanne Jugan, Mayi Amene Adapereka Bedi Lake kwa Nkhalamba

Sabata ino tikambe za mayi wina wa ku France amene dzina lake lidabisika kwa zaka zambiri, pamene ntchito yake inkamveka m'maiko akutali. Jeanne Jugan adabadwa pa 25 Okutobala 1792 ku Cancale, mudzi wa asodzi m'chigawo cha Brittany. Bambo ake adatayika panyanja iye asanakwanitse zaka zinayi, ndipo amake adalera ana okha movutikira. Inali nyengo ya chipolowe m'dzikomo, pamene ansembe ambiri ankabisala, choncho katekisimu ndi mapemphero mwanayo adaziphunzira mwakabisira.

Ali ndi zaka ngati 16 adalowa ntchito ya kukhitchini kunyumba ya anthu olemera. Mnyamata wina wa pasitima adamufunsira ukwati kawiri konse, koma iye adakana poona kuti Mulungu adamusungira ntchito ina. Mu 1817 adasamukira ku Saint-Servan kumene adagwira ntchito m'chipatala zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka thupi lidatopa. Kenaka adakhala zaka 12 akutumikira mayi wina dzina lake Lecoq, ndipo awiriwa ankapemphera limodzi, kuyendera osauka ndi kuphunzitsa ana katekisimu. Pofika chaka cha 1839 Jeanne anali ndi zaka 47, wosakwatiwa, wopanda chuma, akukhala m'nyumba ya lendi ndi Françoise Aubert, mayi wachikulire, ndi Virginie Trédaniel, mtsikana wamasiye. Pa msinkhu umenewo ambiri a ife timayamba kuganiza zopuma.

M'nyengo ya chisanu ya chaka chimenecho adapeza Anne Chauvin, nkhalamba yosaona ndi yofa ziwalo, imene idalibe woisamala. Adaibereka kumsana, nakwera nayo makwerero a nyumba yawo, naigoneka pabedi lake, iye nakagona m'kachipinda ka kudenga. Posakhalitsa idabwera nkhalamba yachiwiri. Mu 1841 adapeza malo okwanira anthu 12, ndipo chaka chotsatira adalowa m'nyumba yakale ya asisitere imene idalandira okalamba ngati 40. Apa ndi pamene chidayambira chipani cha asisitere chotchedwa Little Sisters of the Poor.

Kodi anthu onsewa ankadya chiyani? Ambiri mwa agogowa adazolowera kupemphetsa m'misewu. Jeanne adaona kuti si bwino munthu wa imvi azingoyendayenda m'chisanu kugogoda pamakomo, choncho adatenga dengu napita kukapempha m'malo mwawo. Ankalandira ndalama, zotsala za chakudya, zovala zakale, chilichonse chimene munthu akadatha kupereka. Ena ankamunyoza ndi kumupirikitsa, koma iye ankabweranso mawa lake mwaulemu womwewo. Tisaganize kuti kupempha kunali kopepuka kwa mayi amene adadya thukuta lake kuyambira ubwana. Iye adakuyesa mbali ya chipembedzo chake, pokhulupirira kuti Mulungu amene adatuma nkhalambazo adzatumanso chakudya chawo kudzera mwa anthu.

Chimene chidasiyanitsa nyumba zake ndi malo ena osungirako osauka ndi ichi: okalambawo ankakhala ngati a pabanja. Amene anali ndi mphamvu ankapatsidwa tintchito tating'ono, monga kusoka ndi kuluka, kuti asadzione ngati katundu. Tsiku linkayenda ndi mapemphero, ndipo agogowo anali ndi udindo wawo wopempherera onse amene adaponya kanthu m'dengu muja. Motero wopemphetsa wa dzulo adasanduka munthu wokhala ndi chopereka. Pa malumbiro atatu a asisitere, a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, iwo adawonjezapo lachinayi, lolandira alendo. Ndipo padakhazikika mwambo woti nkhalamba ikamatsirizika, asisitere azisinthana kukhala pambali pake usana ndi usiku akupemphera, kuti isafe yokha. Ine ndiona kuti mwambo umenewu ndiwo mtima wa ntchito yonseyo, pakuti munthu wokalamba amaopa kuiwalika kuposa njala.

Tsono apa nkhani ikhota. Mu Disembala 1843 anzake adamusankhanso kukhala mkulu wawo, koma patangopita masiku ochepa wansembe amene ankawalangiza, Bambo Auguste Le Pailleur, adafafaniza chisankhocho naika Marie Jamet, mtsikana wa zaka 23. Jeanne sadatsutse. Adanyamulanso dengu lake napitiriza ulendo. Mu 1845 bungwe la Académie française lidamupatsa mphotho ya Montyon, ya mafranki 3,000, imene adaithira m'ntchito yomweyo. Adathandiza kutsegula nyumba ku Rennes ndi ku Dinan mu 1846, kenaka ku Angers. Mu 1851 asisiterewo adawolokera ku England.

Mu 1852 Bambo Le Pailleur adamuitanitsa kulikulu la chipanicho namuletsa kupempha ndi kuyendera abwenzi a ntchitoyo. Pang'onopang'ono mbiri idasinthidwa, wansembeyo nayamba kutchulidwa kuti ndiye adayambitsa zonse. Kuyambira 1856 Jeanne adakhala ku La Tour Saint-Joseph, ku Saint-Pern, pakati pa atsikana ophunzira usisitere, akudziwika ndi dzina lakuti Sisitere Maria wa Mtanda. Ambiri mwa atsikanawo sadadziwe kuti gogo wamtali amene ankayenda ndi ndodo ndi korona m'manja ndiye mwini ntchito imene adadzera.

Owerenga ena adzati adalakwa pokhala chete, ndipo funso lawo n'lomveka, chifukwa bodza likalekereredwa limakula. Koma zaka 27 zimenezi sizidapite pachabe. Mayi amene adasamala okalamba tsopano adalawa yekha zimene iwo amalawa: kuchotsedwa pantchito, kuiwalika, maso kuchita chidima. Ankakhala nthawi yaitali m'tchalitchi, ndipo ankalangiza atsikanawo kuti mphamvu ndi kuleza mtima zikawathera azikamuuza Yesu zonse m'pemphero, kenaka abwerere kuntchito osada nkhawa. Ankawakumbutsanso kuchitira nkhalamba mofatsa, ngakhale pa zinthu zazing'ono monga kutseka chitseko mwakachetechete. Mu 1865 akuluakulu adamufunsa maganizo pa nkhani yolandira chuma chobala ndalama chaka ndi chaka, ndipo iye adalangiza kuti achikane, apitirize kudalira dengu. Adamumvera.

Adamwalira pa 29 Ogasiti 1879 ali ndi zaka 86, asisitere a chipani chake atakwana ngati 2,400. Mu 1890 akuluakulu a Mpingo adachotsa Bambo Le Pailleur paudindo namuitanira ku Rome, ndipo mu 1902 mudatuluka buku limene lidabwezera Jeanne malo ake monga woyambitsa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamutcha wodala pa 3 Okutobala 1982, ndipo Papa Benedikito wa 16 adamulemba m'gulu la oyera pa 11 Okutobala 2009.