Antoine Lavoisier ndi Maina a Zinthu

Zaka zoposa 200 zapitazo, akatswiri a sayansi ku Ulaya anali pa vuto lalikulu la maina. Munthu akapeza mankhwala atsopano ankangowatcha dzina lililonse limene wakonda. Ufa wina woyera ankautcha maluŵa a zinki, chonsecho sanali maluŵa ayi. Wina ankautcha shuga wa mtovu chifukwa unali wozuna, koma unali chiphe choopsa. Amene anatsogolera pothetsa chisokonezo chimenechi ndi Antoine Lavoisier.

Lavoisier anabadwira mumzinda wa Paris, m'dziko la France, pa 26 Ogasiti 1743. Amai ake anamwalira iye ali ndi zaka 5. Atate ake anali katswiri wa malamulo, motero nayenso anaphunzira zamalamulo, koma mtima wake unali pa sayansi. M'chaka cha 1766 analandira mendulo ya golide chifukwa cha maganizo ake a kaunikidwe ka miseu ya mumzinda usiku. Mu 1768 analoŵa m'gulu la anthu okhometsa msonkho m'dzina la mfumu. Ntchitoyi inam'patsa chuma chogulira zipangizo za sayansi.

Mu 1771 anakwatira Marie-Anne Paulze. Mai ameneyu anaphunzira Chingerezi kuti azimasulira mabuku a akatswiri a ku Mangalande. Ankalembanso zotsatira za ntchito ya mwamuna wake ndi kujambula zithunzi za zipangizo zake.

Chida chimene Lavoisier ankachidalira koposa chinali sikelo. Pa nthaŵiyo anthu ankakhulupirira kuti chinthu chikamapsa chimataya kanthu kena kosaoneka. Iye anaika chitsulo cha tini m'botolo, nalitseka kwambiri, naliyeza pa sikelo. Atalitenthetsa kwa nthaŵi yaitali analiyezanso, napeza kuti kulemera kwake sikunasinthe. Koma atalitsekula, mpweya unaloŵamo mofulumira, ndipo chitsulo chija chinapezeka kuti chalemera kuposa kale. Apa anazindikira kuti chitsulocho chinatenga gawo lina la mpweya wa m'botolomo. Gawo limenelo analitcha okosijeni. Umenewu ndiwo mpweya umene umayatsa moto ndi kutipatsa moyo tikamapuma. Mu 1783 anasonyezanso kuti madzi amapangidwa ndi mitundu iŵiri ya mpweya, okosijeni ndi haidrojeni.

Atadziŵa zimenezi, Lavoisier anaona kuti dzina labwino liyenera kunena zimene zili m'kati mwa chinthu. Choncho mu 1787 iye ndi anzake atatu, Guyton de Morveau, Berthollet ndi Fourcroy, anatulutsa buku la katchulidwe katsopano. Lamulo lawo linali lapafupi: chinthu chopangidwa ndi zinthu ziŵiri chitenge dzina kwa ziŵirizo. Maluŵa a zinki aja lero amatchedwa zinc oxide, ndiko kuti zinki wophatikana ndi okosijeni. Mu 1789 anasindikiza buku lina mmene analembamo zinthu 33 zimene ankati sizingagaŵikenso. Analakwitsa poikamo kuŵala ndi kutentha, koma zambiri mwa izo, monga golide, mkuwa ndi chitsulo, akatswiri amazivomereza mpaka lero.

M'chaka chomwecho cha 1789 anthu a ku France anaukira ulamuliro wa mfumu yawo. Amphaŵi anali atatopa ndi misonkho ya mchere ndi fodya, ndipo okhometsa msonkho ankadedwa kwambiri. Lavoisier anamangidwa pamodzi ndi anzake a pa ntchito ija. Nzeru zake zonse sizinam'pulumutse. Pa 8 Meyi 1794 anaphedwa pomudula mutu, ali ndi zaka 50. Tsiku lomwelo anaphedwanso apongozi ake aamuna. Marie-Anne anatsala wamasiye, koma anasunga zipangizo za mwamuna wake ndipo pambuyo pake anafalitsa zina mwa zolemba zake.

Njira ya Lavoisier sinafe naye. Mchere umene amai amathira m'ndiwo, akatswiri amautcha sodium chloride. Dzinali linadza iye atamwalira kale, koma likutsata lamulo lake lomwe lija, pakuti likutiuza kuti mumcheremo muli sodium ndi chlorine. Wophunzira wa sayansi, kaya ali ku dziko liti, akaŵerenga dzinalo amadziŵa chimene wanyamula m'manja mwake.

Mafunso

1. Kodi dzina loti shuga wa mtovu linali loopsa chifukwa chiyani?
2. Kodi Marie-Anne ankathandiza bwanji mwamuna wake?
3. Fotokozani zimene Lavoisier anapeza atatsekula botolo lija.
4. Tchulani mitundu iŵiri ya mpweya imene imapanga madzi.
5. N'chifukwa chiyani Lavoisier anaphedwa?